Mwana akamangoti watopa, fufuzani musanamutche waulesi

Kwacha, nthawi ya sukulu yayandikira, koma mwana wanu wa Fomu 2 akadali m'bulangete. Mwamudzutsa kachitatu. Akadzuka akuyenda ngati wasenza thumba la chimanga, ndipo akaweruka amangofikira pamphasa osavula n'komwe yunifomu. Mukamutuma kumjigo kapena kuchigayo, yankho lake ndi lomwelo: "Ndatopa, amayi." Mukafunsa pamene pakupweteka, palibe pamene akuloza. Sakutentha thupi, sakutsegula m'mimba, alibe bala.

Zikafika apa makolo ambiri amagamula msanga kuti ndi ulesi, mwano wa kutha msinkhu kapena foni. Nthawi zina amalondola. Koma kutopa kumene kwatenga masabata angapo, kosachoka ngakhale mwana apume, kawirikawiri kumakhala ndi gwero lake, ndipo magwero ambiri amapezeka ndi mafunso ochepa komanso kadontho ka magazi a pachala. Gwerolo likapanda kupezeka, mwana amabwerera m'mbuyo m'kalasi, amakalipidwa pa mlandu umene sadapalamule, ndipo matenda amene akadachizika mosavuta amazika mizu.

Ulesi kapena kutopa?

Waulesi amasankha. Khasu amalithawa, koma anzake akamuitana kumpira amathamanga ngati wina aliyense. Mwana wotopa m'thupi amasiya ngakhale zimene amazikonda: mpira, netiboli, kwaya, macheza a pabwalo. Choncho musangoona mmene akugwirira ntchito zapakhomo, onaninso ngati zomusangalatsa zija akuzichitabe.

Kumbukiraninso pamene zidayambira. Kodi adayamba wadwala malungo kapena chimfine? Kodi ndi chiyambireni kusamba, kapena chisamukireni kusukulu yogonera komweko? Kodi kudagwa maliro, kapena banja lidasokonekera? Zovala zikumukwanabe, kapena zayamba kukhwepa? Aphunzitsi akuti chiyani? Mayankho a mafunsowa ndi amene dokotala adzawafune.

Yambani ndi tulo

Gwero lofala kwambiri ndi lakuti achinyamata ambiri sagona mokwanira. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Tawerengani a mwana wanu. Ngati amagona 11 koloko usiku n'kudzuka 4 koloko m'bandakucha kuti awerenge kapena atunge madzi asanayambe ulendo wa kusukulu, ndiye kuti akugona maola 5 okha.

Thupi lakenso limamusokoneza. Ubongo umatulutsa homoni yotchedwa melatonin imene imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Mwana akamatha msinkhu, homoniyi imayamba kutuluka mochedwerapo, mwina ndi ola limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake mwana amene kale ankagona nkhuku zikangolowa m'khola, lero amakhala maso gwa mpaka usiku, m'mawa n'kumavuta kudzuka. Belu la kusukulu silisuntha, ndiye ngongole ya tulo imangokula.

Foni imawonjezera vutoli, chifukwa macheza a pa WhatsApp ndi mavidiyo a pa TikTok alibe polekezera, ndipo kuwala kwake kumachedwetsanso tulo. Chimodzimodzi khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zimene amati zopatsa mphamvu. Zili ndi caffeine, amene theka lake limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Ophunzira okonzekera JCE kapena MSCE amene amachezera kuwerenga, ena mpaka kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisawagwire, adziwe kuti ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona.

Yesani izi kwa masabata awiri: foni igone kunja kwa chipinda chake, nthawi yogona ndi yodzuka ikhale yomweyo tsiku lililonse, ndipo asamwe za caffeine dzuwa likapendeka. Onetsetsaninso kuti wadya kanthu asanapite kusukulu, ngakhale phala kapena mbatata, chifukwa mwana amene wayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu sangalimbe mpaka masana. Akasintha, gwero mwalipeza. Akapanda kusintha, ganizirani za magazi.

Magazi akachepa

Achipatala akati munthu ali ndi magazi ochepa, amatanthauza kuti m'magazi mwake mwachepa himogulobini, imene iwo amangoitchula kuti Hb. Himogulobini imakhala m'maselo ofiira a magazi ndipo ntchito yake ndi kunyamula mpweya wa okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku ubongo, minofu ndi ziwalo zonse. Ikachepa, thupi limagwira ntchito ndi mpweya wopelewera. Mwana amatopa msanga, amamva chizungulire akadzuka mwadzidzidzi, mutu umawawa pafupipafupi, mtima umathamanga akakwera kachitunda, ndipo m'kalasi zinthu sizilowa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 12 mpaka 14, komanso mtsikana wa zaka 15 kupita m'tsogolo amene sali woyembekezera, ali ndi magazi ochepa Hb yake ikatsika pansi pa 12. Kwa mnyamata wa zaka 15 kupita m'tsogolo malire ake ndi 13. Vutoli si lachilendo kuno kwathu. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti mmodzi mwa amayi ndi atsikana atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 adali ndi magazi ochepa.

Kuti thupi lipange himogulobini limafuna ayironi, ndipo silipuma pa ntchitoyi chifukwa selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120 basi, kenaka lina liyenera kulowa m'malo. Pa msinkhu wa kusinkhuka thupi limatalika, minofu imakula, magazi nawo amayenera kuchuluka, choncho ayironi amafunika wambiri. Mtsikana amafuna woposa wa mnyamata chifukwa amataya magazi mwezi ndi mwezi.

Apa mpofunika kuti mayi, azakhali kapena agogo afunse mosabisa mawu. Msambo wopitirira masiku 7, wofuna kusintha padi kapena kansalu ola lililonse kapena maola awiri alionse, kapena wotuluka ndi zibuma zikuluzikulu za magazi oundana, ndi wochuluka kuposa muyezo. Atsikana ambiri amaganiza kuti ndi mmene zimakhalira kwa aliyense ndipo sanena. Achipatala ali ndi njira zochepetsera vutoli.

Mungathenso kuyang'ana nokha. Poyera, kokerani pansi chikope cha m'munsi cha mwanayo. M'kati mwake muyenera kukhala mofiira. Mukakhala motuwa, pamodzi ndi zikhatho, lilime ndi zikhadabo, kukayikira kulipo. Chizindikiro china ndi kulakalaka kudya dothi, monga la pachulu kapena la pakhoma. Komabe diso limaphonya, makamaka magazi akangochepa pang'ono, ndiye chotsimikizira ndi kuyezetsa.

Pa chakudya, ayironi amene thupi limamulandira mosavuta ali mu nyama, chiwindi ndi nsomba zing'onozing'ono zodya ndi mutu womwe monga usipa, matemba ndi kapenta. Ngumbi ndi mphalabungu nazo zili naye. Alinso mu nyemba, nandolo, khobwe, soya, bonongwe ndi masamba ena obiriwira, koma wa m'zomera thupi limamutenga movutikira pokhapokha atathandizidwa ndi vitamini C wa m'magwafa, malambe, malalanje, mandimu kapena tomato. Tiyi amachita zosiyana: amamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe m'thupi. Ndi bwino kuti pakati pa chakudya ndi tiyi pazipita ola limodzi kapena kuposerapo.

Kufiira kwa chakumwa sikutanthauza kuti chikuwonjezera magazi. Madzi a masamba a mapeyala kapena zakumwa zofiira za m'botolo sizingalowe m'malo mwa kuyezetsa ndi kulandira mankhwala. Achipatala akapereka mapiritsi a ayironi, mwana amwe mpaka nthawi imene amuuza, imene kawirikawiri imakhala miyezi ingapo, ngakhale atayamba kupeza bwino. Chimbudzi chimada ndipo ena amadzimbidwa, koma zimenezi si zoopsa. Choopsa ndi kusiya mapiritsiwa poti ana aang'ono angawafikire, chifukwa akameza ambiri angathe kufa. WHO imalimbikitsanso kuti kumadera kumene vutoli ndi lofala, atsikana amene adayamba kusamba azimwa piritsi la ayironi ndi folic acid kamodzi pa sabata, ndipo m'sukulu zina m'dziko muno amapereka. Mapiritsi amenewa si olera.

Zimene zimaba magazi mwakachetechete

Mwana angathe kumadya bwino koma magazi n'kumachepabe, chifukwa pali chimene chikuwawononga kapena kuwataya.

Choyamba ndi malungo. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira n'kuwaphulitsa. Mwana wamkulu amene wadwalapo malungo kambirimbiri angathe kukhala ndi tizilomboti osatentha thupi, n'kumangofooka. Akatswiri amene adafufuza m'chigawo chakummwera adapeza kuti ana a msinkhu wa sukulu ndiwo amapezeka ndi tizilomboti kwambiri, ndipo ndi omwenso sagona m'neti kawirikawiri, popeza neti zikachepa pakhomo zimapita kwa mayi ndi khanda. Musangomugulira mankhwala kugolosale. Ayezedwe kaye, ndipo akamupeza nawo amalize LA yense.

Chachiwiri ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odikha, ndipo timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kugwira ntchito m'munda wa mpunga. Ndi lofala m'mbali mwa nyanja ya Malawi monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kuzungulira nyanja ya Chilwa, m'chigwa cha Shire, komanso m'madambo ndi m'madamu a kumtunda. Tikakula timakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo, ndipo mazira ake amaboola ziwalozi n'kumatulutsa magazi pang'onopang'ono. Mnyamata akamakodza magazi, makamaka kumapeto kwa mkodzo, sikuti wakula. Akudwala. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwanso m'sukulu, ndipo amafuna kuti munthu ayambe wadya.

Chachitatu ndi njoka zam'mimba, makamaka zimene zimalowera kumapazi munthu akamayenda wopanda nsapato pa dothi loipitsidwa ndi chimbudzi. Zimakakamira kukhoma la matumbo n'kumayamwa magazi. Albendazole amazipha, ndipo nsapato ndi chimbudzi chabwino zimateteza kuti zisabwerere.

Palinso ana obadwa ndi matenda a sickle cell, amene maselo awo ofiira amafa msanga. Amenewa amakhala ndi magazi ochepa kuyambira ali aang'ono, maso amachita chikasu, ndipo nthawi zina amamva kuwawa koopsa m'mafupa. Vuto lawo si kusowa ayironi. Ichi ndi chifukwa china chosamugulira mwana mapiritsi owonjezera magazi asanayezedwe.

Matenda ena obisala m'kutopa

Matenda a shuga sagwira akuluakulu okha. Mwana amene watopa, akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi mpaka usiku, ndipo akuwonda ngakhale akudya, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Shuga wa mtundu umene umagwira ana amafuna jakisoni wa insulin, ndipo kuchedwa kungachititse kuti akomoke.

Kutopa kobwera ndi kutsokomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuwonda kumaloza ku chifuwa chachikulu cha TB, makamaka ngati pakhomo padali wodwala matendawa. Kuyeza makhololo ndi mankhwala ake ndi zaulere m'zipatala za boma.

HIV nayo iganiziridwe, ndipo kutero si kumunamizira mwana za chiwerewere. Ana ena adabadwa ndi kachilomboka ndipo amafika zaka 14 kapena 15 asadayezedwepo, akungodwaladwala, kupinimbira ndi kuchedwa kutha msinkhu. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limalola mwana wa zaka 13 kupita m'tsogolo kukayezetsa payekha. Ngati mwana wanu ali kale pa ma ARV, fufuzani modekha ngati akumwadi, chifukwa pa msinkhuwu ena amasiya mobisa poopa kuti anzawo a kuhositelo awaona.

Mtima nawo umatopetsa. Zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya zikapanda kuchizidwa, mwa ana ena chitetezo cha thupi chimatembenukira mtima n'kuwononga mavavu ake. Patapita zaka mwana amayamba kupuma mwawefuwefu akangoyenda pang'ono, kutupa mapazi ndi kulephera kugona chagada. Matendawa ndi ofala m'maiko a kuno ku Africa, ndipo akapezeka msanga jakisoni wa penicillin wa mwezi ndi mwezi amathandiza kuti mtima usawonongeke mopitirira.

Kachiwalo ka pakhosi kamene kakatupa timati chithokomiro, kakamagwira ntchito mofooka, munthu amatopa, amazizidwa msanga, amanenepa popanda chifukwa ndipo khungu limauma. Izi zimadziwika poyeza magazi.

Kwa mtsikana, kutopa kwambiri ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za mimba. Kafukufuku wa 2015-16 uja adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Mukafunsa ndi ndodo m'manja, mwana amabisa. Funsani muli awiri, modekha, podziwa kuti mwina adachita kugwiriridwa. Mwana amene akuchitidwa nkhanza angathe kuimba mwaulere pa nambala ya 116.

Maganizo amatopetsanso thupi

Wachinyamata wovutika maganizo kawirikawiri sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu, m'mimba, kapena ndatopa. Amapsa mtima msanga, amadzipatula, amagona kwambiri kapena kusowa tulo, amadya mosintha, ndipo zimene ankakonda sizimukomanso. Zikatenga masabata awiri kapena kuposerapo, tsiku ndi tsiku, amenewo angathe kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika monga ena onse.

Zoyambitsa ndi zambiri: imfa ya kholo, mikangano ya pakhomo, kusowa fizi, mantha a mayeso, kuzunzidwa ndi ophunzira anzake, kapena chibwenzi chimene chatha. Mowa ndi chamba nazo zimafooketsa, ndipo ena amaziyamba pofuna kuiwala mavuto omwewa. Musamuuze kuti mwana alibe nkhawa poti amadya zaulere. Khalani naye pansi mumve. Akanena mawu ngati "bola kungofa" kapena "ndine mtolo kwa inu", musawatenge ngati nthabwala. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala.

Kutopa kotsalira matenda atapita

Matenda ena oyamba ndi mavairasi amasiya kutopa kwa masabata angapo. Chitsanzo ndi amene Achingerezi amati glandular fever, ofala kwa achinyamata, amene amabwera ndi zilonda zapakhosi ndi kutupa kwa mwanabere m'khosi. Covid-19 nayo idasiya ena ali ofooka kwa miyezi. Ambiri amachira okha pang'onopang'ono.

Ochepa sachira msanga, ndipo amakhala ndi vuto limene madokotala amalitcha ME/CFS. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti mwana akadzikakamiza kugwira ntchito, kuthamanga ngakhale kuwerenga kwambiri, mawa lake kapena mkuja amafookeratu kwa masiku angapo, ndipo tulo sitimutsitsimula. Palibe kuyeza kumodzi kotsimikizira matendawa. Dokotala amayamba wachotsa ena onse aja. Mwana wotere kumukakamiza kuti alimbe mtima kumawonjezera vuto. Amafunika kugawa mphamvu zake mosamala, ndipo aphunzitsi adziwitsidwe.

Mukapita kuchipatala

Ngati kutopa kwatha masabata awiri mpaka anayi, tulo ndi chakudya mwakonza koma palibe kusintha, tengani buku lake la kuchipatala mupite naye. Musanapite lembani nthawi imene amagona ndi kudzuka, zimene amadya, masiku a msambo, mankhwala alionse amene wamwa kuphatikizapo azitsamba, ndiponso ngati amasamba kumtsinje kapena kunyanja. Mawu akuti "akungofooka" paokha samupatsa dokotala poyambira, makamaka pamzere pakakhala anthu ambiri.

Funsani ngati angamuyeze Hb, malungo, shuga, mkodzo, chimbudzi ndi HIV, komanso kumuika pasikelo. Zina mwa izi zimatheka pachipatala chaching'ono, zina angakutumizeni kuchipatala chachikulu cha paboma. Akapeza kuti magazi ndi ochepa, funsani chimene chawachepetsa, chifukwa kumwa ayironi likodzo likadali m'thupi kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka. Mulolenso mwanayo atsale yekha ndi dokotala kapena namwino kwa kanthawi. Pali zimene sanganene inu muli pomwepo.

Musadikire masabata amenewa ngati mwana akukomoka, akubanika ali chikhalire, akumva kuwawa pachifuwa, watuwa kwambiri, maso achita chikasu, akutupa mapazi kapena nkhope, akuwonda msanga, akutentha thupi kosalekeza, akutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno pafupipafupi, kapena ali ndi zotupa m'khosi ndi m'khwapa zimene sizikuphwa. Zizindikiro ngati zimenezi nthawi zina zimaloza ku matenda aakulu, kuphatikizapo khansa ya m'magazi, ndipo zimafuna dokotala tsiku lomwelo.

Kuyeza konse kukatuluka bwino, musabwerere kunyumba n'kumuuza kuti "waonatu, ndi ulesi basi". Pitirizani kusamala tulo ndi chakudya chake, muchepetsereni ntchito zina kwa kanthawi, ndipo bwererani kuchipatala pakatha mwezi ngati sakusintha kapena pakaoneka chizindikiro chatsopano. Mawa m'mawa akadzanenanso kuti watopa, mufunseni kuti wagona nthawi yanji, mumuyang'ane m'chikope, ndipo mumvetsere zimene akuuzeni.